Chifukwa chake ophunzira opaleshoni amachedwa kudziwa endoscopy

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake mng'ono wanu, amene akuphunzira udokotala wa opaleshoni, sanazolowerebe endoscopy, kuja kounika kummero ndi m'mimba ndi kapaipi ka kamera. Si ulesi ayi.

Makinawo ndi ochepa, ndipo amapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth. Kapaipiko kakatuluka mwa wodwala kamayenera kutsukidwa ndi kunyikidwa m'mankhwala opha tizilombo, wotsatira ali pabenchi, osadya chiyambire usiku. Munthu wachokera kuno ku Dedza, ngakhale phala likumukanika kumeza, ndiye mphunzitsi amangounika yekha kuti mzere uthe. Wophunzira amatsala n'kuyang'ana pa sikirini, chonsecho luso limeneli limakhala m'manja: kupotoza kachiwongolero ndi chala chachikulu, kupopa mpweya, kudutsa pammero osaboola. Kapaipi kakawonongeka kamakakonzedwa kunja, miyezi n'kumapita.

Nthawinso imasowa. Ovulala pamsewu wa M1 ndi odwala matumbo opotana amamuitanitsa ku fiyeta usana ndi usiku.

Zimandiwawa, chifukwa khansa ya kummero yachuluka zedi m'Malawi muno. Mng'ono wanuyo apemphe tsiku limodzi lokhazikika pa sabata, ndipo aliyense amene wamuunika ndi manja ake azimulemba m'buku.