Tifunseni: Mipando ya Chigawo cha Cape m'Nyumba ya Malamulo ya South Africa

Makalata a mwezi uno akufunsa za chigawo cha Cape of Good Hope, chomwe chinalipo ku South Africa kuyambira 1910 mpaka 1994.

FUNSO: Ndimaphunzitsa mbiri yakale kusekondale. Kodi Cape inali ndi aphungu angati pachiyambi, ndipo mipando ankaigawa motani?

YANKHO: Aphunzitsi, pa 31 May 1910 Cape, Natal, Transvaal ndi Orange Free State zinalumikizana n'kukhala dziko limodzi. Nyumba ya Malamulo anaiika ku Cape Town, ndipo inali ndi mbali ziwiri. Kunyumba ya aphungu kunali mipando 121: Cape 51, Transvaal 36, Natal 17 ndi Orange Free State 17. Ku Seneti chigawo chilichonse chinali ndi anthu 8 posatengera kukula kwake, ndipo Bwanamkubwa ankasankha ena 8, onse n'kukwana 40.

Ana asukulu ambiri amaganiza kuti mipandoyi inkatsata chiwerengero cha anthu onse. Sizinali choncho. Pogawa ankawerenga amuna akuluakulu achizungu okha. Anthu akuda ndi makaladi a ku Cape, ngakhale amene anali m'kaundula wa ovota, sankaonjezera mpando ngakhale umodzi kuchigawo chawo. N'chifukwa chake azungu atachuluka kumigodi ya golide ya ku Johannesburg, Cape inapitiriridwa: pachisankho cha 1943 Transvaal inali ndi mipando 64, Cape 56.

Muwaphunzitsenso za kadulidwe ka malire. Lamulo linkalola kuti dera la phungu likhale ndi ovota ochepera kapena opitirira muyezo ndi 15 pa 100 alionse. Tiyerekeze kuti muyezo ndi ovota 10,000: dera lakumudzi likhoza kukhala ndi 8,500, lam'tauni 11,500, koma lililonse phungu mmodzi. Izi zinathandiza kuti mu 1948 National Party ya D.F. Malan ipeze mipando 70, United Party ya Jan Smuts 65, chonsecho mavoti ambiri anapita kwa Smuts.

FUNSO: Ndinamva kuti anthu akuda ankavota ku Cape kalekale. Ndi zoona zimenezi? Nanga ufuluwo unatha bwanji? Ndine mayi wokonda kumvera nkhani za ndale.

YANKHO: Ndi zoona, mayi. Malamulo a Cape a 1853 sankafunsa za khungu. Mwamuna aliyense wokhala panyumba kapena pamalo a mtengo wa mapaundi 25, kapena wolandira mapaundi 50 pachaka, ankatha kulembetsa. Ovota akuda atayamba kuchuluka kum'mawa kwa chigawocho, khomo anayamba kulichepetsa. Mu 1887 anati malo amene munthu amalima pansi pa mfumu asamawerengedwe ngati chuma chake. Mu 1892, Cecil Rhodes ali Nduna Yaikulu ya Cape, mapaundi 25 aja anawakweza kufika 75, ndipo wolembetsa ankayenera kulemba yekha dzina lake, kumene amakhala ndi ntchito yake.

Pokambirana zolumikiza dziko, Transvaal ndi Orange Free State zinakana kuti voti yotereyi ifike kwawo. Anagwirizana kuti Cape isunge kaundula wake, koma phungu wa Nyumba ya Malamulo akhale mzungu basi. Mu 1909 W.P. Schreiner, yemwe kale anali Nduna Yaikulu ya Cape, ndi atsogoleri a anthu akuda ndi makaladi, John Tengo Jabavu, Walter Rubusana ndi Abdullah Abdurahman, anapita ku London kukadandaula, koma anabwerako chimanjamanja. Chimene chinatsala ndi ndime 35 ya malamulo oyendetsera dziko latsopanolo, yonena kuti munthu wa ku Cape sangalandidwe voti chifukwa cha khungu pokhapokha nyumba ziwirizo zitakhala pamodzi, magawo awiri mwa atatu a mamembala onse n'kuvomereza.

Asanaigwetse votiyo, anayamba aisungunula. Mu 1930 amayi achizungu okha anapatsidwa voti, ndipo mu 1931 amuna achizungu anawachotsera zofunsa za chuma ndi kulemba. Ovota achizungu anachuluka kuposa kuwirikiza kawiri, ena onse ali pomwepo. Kenako Nduna Yaikulu J.B.M. Hertzog ndi Smuts ataphatikiza zipani zawo, nambala ija inapezeka. Mu 1936 lamulo la Representation of Natives Act linadutsa ndi mavoti 169 kwa 11, ndipo mmodzi mwa okanawo anali nduna ya boma lomwelo, Jan Hofmeyr. Ovota akuda pafupifupi 11,000 anawasamutsira m'kaundula wawokha woti azisankha aphungu atatu, azungu okhaokha, oimira Cape Western, Cape Eastern ndi Transkei.

Aphungu atatuwa tisawapeputse. Margaret Ballinger anaimira Cape Eastern kwa zaka zoposa 20 akutsutsa malamulo atsankho mosatopa. Ovota a ku Cape Western anasankha Sam Kahn wa chipani cha chikomyunizimu. Boma litamuchotsa mu 1952 anasankha Brian Bunting, nayenso atachotsedwa anasankha Ray Alexander, yemwe sanaloledwe n'kukhala pampandowo komwe. Koma mawu atatu pakati pa aphungu oposa 150 sakanaletsa lamulo lililonse. Lamulo la 1959 linathetsa mipandoyi, ndipo mu 1960 anatuluka.

FUNSO: Ndikuphunzira zamalamulo. Ngati ndime 35 inkateteza ovota, zinatheka bwanji kuti makaladi achotsedwe pamene boma la Malan linalibe magawo awiri mwa atatu?

YANKHO: Achimwene, nkhani iyi inatenga zaka zisanu, ndipo muitsate mwatsatanetsatane chifukwa sitepe iliyonse ili ndi phunziro lake pazamalamulo.

Mu 1951 boma linadutsitsa Separate Representation of Voters Act mwa njira ya masiku onse, nyumba iliyonse payokha. Maganizo ake anali akuti kuyambira 1931, pamene Britain inasiya kupangira South Africa malamulo, ndime 35 inalibenso mphamvu. Ovota anayi achikaladi anakasuma. Mu March 1952, pamlandu wa Harris, mmodzi wa ovotawo, khothi lalikulu la apilo motsogozedwa ndi Albert Centlivres linagamula kuti lamulolo ndi lopanda ntchito, chifukwa pankhani imeneyi Nyumba ya Malamulo ndi nyumba ziwiri zitakhala pamodzi, osati iliyonse payokha.

Boma linayankha ndi lamulo lonena kuti aphungu ndi maseneta eni akewo akhale khothi loposa makhothi onse. Anakumanadi n'kufafaniza chigamulo chija. Chaka chomwecho oweruza anagwetsanso lamuloli, ponena kuti imeneyo ndi Nyumba ya Malamulo yomweyo yangosintha dzina, ndipo wopanga lamulo sangadziweruze yekha.

J.G. Strijdom atakhala Nduna Yaikulu anaona pamene mpanda unali wofooka. Ndime 35 inkatchula magawo awiri mwa atatu, koma kukula kwa Seneti kunkatha kusinthidwa ndi mavoti ongopitirira theka. Mu 1955 Seneti anaikulitsa kuchoka pa maseneta 48 amene inali nawo nthawi imeneyo kufika pa 89. Transvaal inapatsidwa maseneta 27, Cape 22, Natal ndi Orange Free State 8 chilichonse. Anasinthanso kasankhidwe: kale zipani zinkagawana mipando ya chigawo molingana ndi mphamvu zawo, tsopano chipani chochuluka m'chigawo chinkatenga yonse. National Party inatuluka ndi maseneta 77. Oweruza a khothi la apilo anawachulukitsanso kufika 11. Mu February 1956 nyumba ziwiri zinakhala pamodzi ndipo nambala inakwana. Pamlandu wa Collins, wovota wachikaladi amene anakasumanso, oweruza 10 anavomereza kuti lamulo latsatidwa. Wokana anali mmodzi, Oliver Schreiner, mwana wa W.P. Schreiner uja, yemwe anati Seneti yopangidwira kuzembera ndime 35 si Seneti imene ndimeyo inkanena. Ife tikuona kuti iyeyu ndiye anawerenga lamulolo molondola, chifukwa anayang'ana cholinga cha chitetezocho osati mawu ake okha.

Kuyambira 1958 makaladi ankasankha aphungu anayi achizungu. Lamulo la 1968 linathetsa mipandoyi, ndipo pofika 1970 aphungu onse a Cape ankasankhidwa ndi azungu okha.

FUNSO: Nanga lero dera lomwe linali Cape limaimiridwa bwanji?

YANKHO: Seneti yakale inathetsedwa kumayambiriro a 1981, ndipo mu 1984 kunabwera nyumba zitatu, ya azungu, ya makaladi ndi ya amwenye, anthu akuda atasiyidwa kunja. Mu 1994 Cape inagawidwa kukhala Western Cape, Eastern Cape ndi Northern Cape, mbali ina n'kupita ku North West. Transkei ndi Ciskei, madera amene boma latsankho linapatulira anthu akuda, zinalowa mu Eastern Cape. Nyumba ya aphungu ili ndi mipando 400, ndipo theka lake amaligawa kuzigawo potengera chiwerengero cha ovota. M'nyumba yachiwiri, National Council of Provinces, yomwe inayamba mu 1997, chigawo chilichonse chimatumiza nthumwi 10: zokhazikika 6 ndi zapadera 4. Pankhani zokhudza zigawo, nthumwi zonse za chigawo chimodzi zimaponya voti imodzi, moti Northern Cape, yomwe ili ndi anthu ochepa kwambiri, imalingana ndi Gauteng, yomwe ili ndi anthu ambiri kuposa zigawo zonse.