Liwu lakuti "stomach" linayambira pakamwa

Mayi wina amene akuphunzira unamwino wandilembera pa imelo kufunsa chifukwa chake liwu la Chingelezi lakuti "stomach" limalembedwa ndi ch koma n'kumatchulidwa ndi k, komanso ngati tanthauzo lake ndi mimba kapena chifu. Mayi, funso lanulo landigwira mtima chifukwa liwu limeneli linandivutitsapo kawiri.

Ndili Sitandade 6, aphunzitsi anandiimiritsa kuti ndiwerenge mokweza, ndipo ndinatchula mapeto a liwuli ngati mapeto a "tchalitchi". Anandigogoda zala ndi dasitala, nandiuza kuti ndibwereze kakhumi, koma chifukwa chake sanandiuze. Patapita zaka, ndinaperekeza amayi anga kuchipatala kumene dokotala sankadziwa Chichewa. Atafunsa ngati "stomach" ikuwapweteka, ine ndinamasulira kuti mimba, amayi n'kuvomera uku akuganiza za ululu wa pansi pa mchombo, pamene dokotalayo ankanena chifu, chomwe chili m'munsi mwa nthiti. Anatsala pang'ono kuwalembera mankhwala a zilonda za m'mimba, chikhala kuti amayiwo sanaloze okha ndi chala.

Gwero la liwuli ndi Chigiriki. Agiriki ankatchula pakamwa kuti "stoma", ndipo "stomachos" poyamba linkatanthauza mmero, njira imene chakudya chimadutsa, kenaka tanthauzolo linatsikira kuchifu. Aroma analitenga n'kukhala "stomachus", Afalansa n'kulisandutsa "estomac", ndipo linalowa m'Chingelezi m'zaka za m'ma 1300, likulembedwa "stomak". Cha m'ma 1500 anthu ophunzira anabwezeretsa ch pofuna kuti lifanane ndi Chilatini, koma katchulidwe sikanasinthe. Ndiye mwana amene wawerenga monga ndinachitira ine watsatira lamulo limene anaphunzitsidwa, ndipo kumumenya n'kulakwa kwenikweni. Ndimakana kotheratu kaphunzitsidwe koloweza popanda kufotokoza, chifukwa ndiko kamatulutsa anthu oopa kufunsa ngakhale ali pafupi ndi bedi la wodwala.

Angelezi anali nalo liwu lawolawo, "maga", lomwe lero ndi "maw" ndipo latsalira potchula kamwa kapena chifu cha zilombo. Lobweralo linadza ndi matanthauzo ena, popeza Aroma ankati mkwiyo ndi chilakolako zimakhala m'chifu, monga ife timaziika mumtima. M'chaka cha 1588, pamene dziko la England linkaopa kuukiridwa ndi Spain, Mfumukazi Elizabeth Yoyamba inauza asilikali ake ku Tilbury kuti ngakhale thupi lake linali la mkazi wofooka, inali ndi mtima ndi "stomach" ya mfumu, kutanthauza kulimba mtima. Mpaka lero Mngelezi akanena kuti sangathe kuchita "stomach" chinthu, amatanthauza kuti sangachipirire.

Zofunika kuwodi

M'mabuku anu a unamwino liwuli ndi chifu basi, koma m'kulankhula wamba limatanthauza mimba yonse. Musamalenso ndi "stomatitis", yomwe inasunga tanthauzo lakale la Chigiriki ndipo ndi kutupa kapena zilonda za m'kamwa, pamene kutupa kwa chifu ndi "gastritis", kuchokera ku liwu lina la Chigiriki lakuti "gaster". Wodwala akati m'mimba mukupweteka, mupempheni aloze ndi chala musanalembe kalikonse.