Munda wa bambo ku Ngabu ukusowa wogula: nditsitse mtengo?

Kalata iyi yandipeza pa imelo sabata yatha. Yachokera kwa achimwene ena okhala ku Bangwe mu Blantyre, koma kwawo ndi kufupi ndi Ngabu. Ndaifupikitsa, ndipo dzina ndabisa monga anapempha.

"Bambo anamwalira zaka zinayi zapitazo n'kutisiyira munda wa maekala 6. Ana tonse tili m'tauni, mayi anapita kukakhala kwa mchemwali wanga ku Nchalo, munda wangosanduka tchire. Mwana wanga wasankhidwa kukoleji ndipo ndikufuna ndalama yapamanja. Ndinalengeza pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, pano yakwana miyezi 8. Anthu amangofunsa mtengo kenako zii. Pali dobadoba wina akuti andipatsa theka la mtengo wanga koma kashi, lero ndi lero. Palinso aphunzitsi ena avomera mtengo wonse koma akuti azilipira pang'onopang'ono. Nditani?"

Achimwene, pepani ndiyambira pomwe simunafunse. M'kalatamu mwatchula ogula awiri, koma wogulitsa mwatchula mmodzi yekha, inuyo. Chonsecho mwalemba nokha kuti bambo "anatisiyira". Nanga mayi akuti bwanji? Mchemwali wa ku Nchalo uja akudziwa kuti munda uli pa Facebook? Abale a bambo otsala kumudzi, omwe mwina mbuzi zawo zikudya m'tchiremo, munakhala nawo pansi?

Ndikufunsa chifukwa anthu omwe amafunsa mtengo n'kukhala chete aja sikuti onse mtengo unawawopsa. Munthu wa kuchigwa akamva kuti pali munda wogulitsa, amayamba waimbira foni wina wake wa m'mudzimo. Funso lake limakhala limodzi: malowo alibe mlandu? Yankho likangokhala loti "aa, mwana wa malemu uja ndiye akugulitsa, koma abambo ake aang'ono sanamve", nkhani yathera pomwepo. Sakuuzani. Amangosiya kuyankha mauthenga. Aliyense kwathu kuno akudziwa munthu yemwe anagula munda, n'kuswa mphanje, n'kudzala thonje, kenako chaka chachiwiri kunatulukira mdzukulu wochokera ku Joni kapena ku Mozambique n'kunena kuti pamenepa ndi pa agogo. Milandu yotere imachoka kwa nyakwawa, kupita kwa gulupu, kukafika kwa T/A, ndipo wogula uja nyengo ziwiri zimamudutsa khasu lili m'nyumba.

Dera la Ngabu ndi losakanikirana. Ngati banja lanu ndi la Chisena, malo amatsata kuchimuna, ndiye achimwene ndi ang'ono a bambo anu ali ndi mawu. Ngati ndi la Chimang'anja ndipo mundawo bambo anaupeza kudzera kuchikazi, amalume ndi eni mbumba sangalumphidwe. Pamwamba pa mwambo pali lamulo la chuma chamasiye la 2011, lomwe limaika mkazi wamasiye ndi ana patsogolo, ana aakazi ndi aamuna mosasiyanitsa. Choncho kukhala mwana wamwamuna, ngakhale woyamba kubadwa, sikukupatsani mphamvu yosayina nokha. Khalani pansi nonse, mugwirizane za kugulitsa ndi za kagawidwe ka ndalama, mulembe, aliyense asayine kapena kudinda chala. Pepala limenelo lidzakugulitsirani munda msanga kuposa zithunzi zonse zomwe mwaika pa intaneti.

Za malamulo a malo ndinene mwachidule. Munda wolandira kwa makolo ngati wanuwu ndi malo a mafumu, si puloti ya lizi ya ku Chigumula. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linabweretsa makomiti a malo, omwe wapampando wake ndi gulupu, pamodzi ndi anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, osachepera atatu mwa iwo amayi. Linatsegulanso njira yolembetsa munda n'kulandira satifiketi. M'madera ena a Chikwawa, makamaka komwe kwakhudzidwa ndi ntchito ya ngalande ya mthirira, kalembera ameneyu anachitika kale, ndiye fufuzani ngati munda wanu unalembedwa, ndipo m'dzina la yani. Mu 2022 malamulo a malo anasinthidwanso, n'kukhwimitsa za kugulitsa malo kwa anthu omwe si nzika komanso za malo a lizi ongokhala osatukulidwa. Musanalandire tambala ya munthu, kwerani kukafika kuofesi ya malo kwa DC ku Chikwawa, mukafotokoze za munda wanu, akuuzeni zomwe zikuloledwa pa malo a mtundu umenewo. Safunsa anadya phula. Ndipo kalata ya amfumu ndi yofunika kwambiri, koma si satifiketi, musalonjeze wogula "mapepala onse" pomwe muli ndi kalata yokhayo.

Chachiwiri chomwe wogula amaopa ndi madzi. Kuchigwa munda sugulidwa ndi maso a mu Okutobala, pomwe paliponse pauma gwa. Anthu amakumbukira madzi osefukira a Januwale wa 2015, ndi anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Amafunsa kuti madzi anafika pati, anakhala masiku angati, anasiya mchenga kapena dothi lachonde. Pali minda m'mbali mwa Mwanza ndi Ruo yomwe inali yabwino koma inakwiriridwa ndi mchenga. Ndiye musadikire kuti afunse. Nenani nokha. Ngati munda wanu ndi wa mphala, pamtunda pomwe madzi sanafikepo zaka zonsezi, imeneyo ndiye mfundo yanu yayikulu, ndipo oyandikana nawo akuchitirani umboni. Ngati pali mbali yomwe imamira, itchuleni, chifukwa kwa munthu wofuna chinyezi cha mbatata ndi chimanga cha m'chilimwe, mbali imeneyo ndiye yomwe angaikonde. Nenaninso za nthaka. Makande a ku Ngabu thonje ndi mapira zimachita bwino, koma mvula ikagwa ngolo imatitimira, ndiye wogula adzafuna kudziwa kuti kuchoka pamundapo kukafika pa M1 ndi mtunda wotani. Wofuna kumanga khola adzafunsa za mjigo wapafupi, ngati madzi ake ndi abwino kapena ndi amchere, poti vuto limenelo m'madera ena a Chikwawa lilipo.

Munda wa tchire sukopa. Zaka zinayi minga ikumera, malire anafufutika, ndipo sindingadabwe mutapeza kuti mizere ya anansi yalowa mikono ingapo. Lembani aganyu asadze, mupite ndi amfumu ndi eni minda yoyandikana, muyende malire onse pamaso pawo, mudzale khonje kapena nkhadze m'ngodya. Muyezenso. "Maekala 6" a pakamwa pa malemu nthawi zambiri amapezeka kuti ndi 4 ndi theka, kapena 7. Ekala imodzi ndi pafupifupi mamita 64 mbali zonse zinayi, ndipo hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Alangizi a zaulimi ambiri amatha kuyeza ndi GPS.

Tsono pa Facebook paja. Ndikuuzeni mosabisa, wogula munda wanu sali pa Facebook. Munthu wa ku Lilongwe sangatsike Thabwa kudzagula maekala 6 a mphala opanda mthirira, kudera lomwe sadziwako munthu, kutentha kwake komwe kumamugwetsa ulesi asanatsike n'galimoto. Wogula wanu ali pamtunda woyenda ndi njinga kuchoka pamundapo. Ndi mwini munda wa kumalire, yemwe ana ake akula ndipo malo akumuchepera. Ndi mwini ng'ombe wofuna podyetsera. Ndi wantchito wa kumunda wa nzimbe ku Nchalo yemwe akuyandikira kupuma ndipo akudikira ndalama zake. Ndi wagolosale wa pa Ngabu kapena pa Miseu Folo. Ndi banja la kumadzi lomwe latopa n'kuthawira kumsasa chaka ndi chaka ndipo likufuna pamtunda. Anthu amenewa amamva nkhani kutchalitchi, kumsika wa ng'ombe, kwa amfumu, kubanki mkhonde. Yambani ndi oyandikana nawo. Kuwalumpha n'kukabweretsa mlendo kumabala mkwiyo, ndipo iwowo ndi omwe wogula aliyense adzawafunse.

Ndipo anthu amenewa ndalama sakhala nazo chaka chonse. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, kuchigwa aliyense ndi wogulitsa: mbuzi, njinga, malata, munda. Mukatulutsa munda nyengo imeneyo mukupikisana ndi anthu omwe ana awo agona ndi njala, ndipo wokhala ndi kashi amatchula yekha mtengo. Ndalama imayamba kuoneka chitowe ndi thonje zikagulidwa, Meyi mpaka cha mu Ogasiti. Apo ndi pomwe mlimi amaganiza zokuza munda, nthawi yosadza isanathe. Miyezi 8 yanuyo muiwerenge bwino, mwina theka lake linagwera nthawi yomwe palibe akanagula ngakhale mukanatsitsa motani.

Dobadoba wanuyo sindimuda. Akugulitsa liwiro, ndipo liwiro lili ndi mtengo wake. Koma dzifunseni chifukwa chomwe munthu angatulutsire kashi lero pa munda womwe wakanika miyezi 8. Kawirikawiri amakhala kuti wogula ali naye kale, ndipo mwina ndi mmodzi mwa anansi omwe inu simunawafunse aja. Ena mwa madobadoba alibe n'komwe ndalama. Amakupatsani kachikole, n'kukusayinitsani pepala, kenako n'kuyamba kusaka wogula ndi munda wanu, inu manja atamangika. Ena amagulitsa malo amodzi kwa anthu awiri, ndipo dzina lomwe limadzatchulidwa kubwalo ndi la mwana wa malemu. Ngati mwasankha kuyenda naye, musamupatse kalata ya amfumu kapena chiphaso chanu kuti "akakonzeretu zinthu". Ndipo theka ndi poyambira pake chabe, iyeyo akudziwa kuti mukankha.

Aphunzitsiwo nkhani yawo ndi ina, ndipo apa ndili ndi chipsera. Zaka zapitazo ndinathandiza azakhali anga kugulitsa munda kufupi ndi Bangula kwa munthu wapantchito, waulemu wake, wopemphera naye mpingo umodzi. Anapereka gawo limodzi mwa magawo atatu, tinamulola kuyamba kulima, zotsalazo akuti mwezi ndi mwezi. Miyezi itatu yoyamba analipira. Kenako kunabwera maliro, kenako malipiro anachedwa, kenako foni inayamba kusapezeka. Munthu woti wadzala kale simungamuzule, amfumu omwe amakuuzani kuti dikirani akolole. Ndalama inatha kulowa patapita zaka zitatu, ndipo pomwe inkatha inali itasanduka ya sopo. Kumbukirani kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo "wonse" wolandira pazaka ziwiri ukhoza kuchepa mphamvu kuposa mtengo wotsikirapo wolandira lero. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Izi sizikutanthauza kuti muwakane aphunzitsiwo. Akhoza kukatenga ngongole ku SACCO kapena kubanki, poti iwo ali ndi malipiro a pamwezi, n'kukupatsani yonse kamodzi inu mutatsitsako pang'ono. Ngongoleyo ikhale yawo ndi banki, osati yawo ndi inu. Zikavuta, apereke yoposa theka poyamba, yotsala ithe m'miyezi yowerengeka yolembedwa, ndipo khasu lisagwe m'mundamo kufikira tambala yomaliza.

Pali funso lina lomwe ndikanakonda mulilingalire usiku umodzi. Fizi ya chaka chino ikufuna maekala onse 6? Ogula maekala awiri ndi ambiri kuposa ogula 6, chifukwa ndalama yake anthu a m'mudzi angaikwanitse. Mukhoza kudula mbali ya kumalire n'kugulitsa kwa mnansi, yotsalayo n'kuchititsa lendi chaka ndi chaka. Lendi ya munda si ndalama yambiri, koma munda wolimidwa sulowereredwa, ndipo amfumu sayamba kuuyang'ana ngati malo osowa mwini. Lendiyo muzilemberana chaka chilichonse, kuopa kuti wobwereka angadzasanduke mwini.

Mudzamvanso anthu akuti musagulitse, ngalande ikubwera. Ntchito ya Shire Valley Transformation Programme ndi yeniyeni: madzi akuchokera ku Kapichira, ndipo cholinga ndi kuthirira mahekitala opitirira 40,000 kutsika mpaka cha ku Bangula. Alimi amaphatikiza minda yawo m'makoparetivi, monga anachitira a ku Phata ndi nzimbe. Ngati munda wanu uli m'dera lomwe linajambulidwa kuti lidzathiriridwa, ndiye kuupereka pa theka kungakhale kutaya, ndipo mwina n'zomwe dobadoba uja wanunkhiza. Koma kafunseni kuofesi, akuonetseni mapu, osangomvera za pamowa. Ife a kuchigwa tinaonapo kale: doko la ku Nsanje linatsegulidwa ndi chimkokomo mu 2010, ndipo mpaka lero sitima zonyamula katundu sitikuziona pamenepo. Lonjezo la chitukuko silisandutsa munda uliwonse golide.

Tsiku lolipira likadzafika, likhale masana, pamundapo kapena kwa amfumu, mayi ndi abale anu alipo, mboni za mbali zonse zilipo. Pepala litchule malire ndi eni minda yoyandikana, kukula kwa munda, mtengo, ndi manambala a ziphaso. Za amfumu mugwirizane pasadakhale kuti apereka ndani. Ndalama idutse kubanki, ku Nchalo mabanki alipo, ndipo musasayine chifukwa cha uthenga wa pafoni woti ndalama yalowa. Muone nokha mu akaunti. Kukwera minibasi ya ku Blantyre ndi chikwama cha ndalama, mudzi wonse ukudziwa kuti mwagulitsa munda, ayi ndithu.

Ndikanakhala inu, dobadoba ndikanamuuza kuti adikire mwezi umodzi. Loweruka likubwerali ndikanatsikira ku Nchalo kukagona kwa mchemwali n'kukambirana ndi mayi, m'mawa mwake n'kupitirira ku Ngabu ndi kashuga ka amfumu m'manja, n'kupempha kuti andiitanire eni minda inayi yozungulira wa bambo. Kukoleji nako pitani mukafunse ngati fizi angalandire m'magawo, ndipo ngati sukuluyo ili m'gulu lolandira ngongole za boma za ophunzira, mwanayo alembetse. Mukabwerako mundilembere zomwe anansiwo anena.