Ukufuna kupita kumwezi, koma Masamu ukuwathawa

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa Fomu 3 ku Ngabu. Akuti usiku uliwonse amabwereka foni ya achimwene ake n'kumawerenga nkhani za nyenyezi ndi zombo zopita mumlengalenga, ndipo mtima wake uli pa kudzakwera zombozo. Bambo ake akuti udokotala basi, zina ayi. Kumapeto kwenikweni ndiye waulula kuti Masamu ndi Fizikisi sakukhoza.

Mwanawe, makalata otere ndimalandira ambiri, ndiye ndikuuze mosapsatira. Palibe yunivesite m'Malawi muno imene imaphunzitsa zopita kumwezi. Ngakhale kumaiko kumene amaphunzitsako, munthu wothawa Masamu samulola n'komwe pakhomo. Kuwerenga nkhani za sayansi pafoni n'kwabwino, koma MANEB sidzakufunsa kuti unaona mavidiyo angati.

Chimene chikundipweteka n'chakuti nkhani yaikulu ya sayansi inachitikira pakhomo pako, iwe maso ali kumwamba. Mu April 2019, Malawi inakhala dziko loyamba kubaya ana katemera wa malungo wa RTS,S pa ndondomeko yoyeserera imene munalinso Ghana ndi Kenya. Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma amene anayamba. Katemerayu amaphunzitsa thupi kuzindikira kachilombo ka malungo udzudzu ukangoluma, kasanalowe m'chiwindi kumene kamaswana. Sateteza kotheratu, n'chifukwa chake masikito sitinataye, koma zimene zinaoneka m'maiko atatuwa zinathandiza kuti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO livomereze katemerayu mu October 2021. Kuseri kwa nkhaniyi kunali anthu oyeza magazi m'malabu, ofufuza za udzudzu, osonkhanitsa ziwerengero m'midzi. Ntchito zimenezo zilipo ndipo zimaphunziridwa konkuno, ku mayunivesite a KUHeS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo.

Ngati mtima wako ndi wa mumlengalenga ndithu, funsa za maphunziro a zanyengo ku MUST. Akatswiri a zanyengo amawerenga zithunzi za masetilaiti tsiku ndi tsiku. Iwe amene unaona madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 sindingakuuze kufunika kwa munthu wodziwa kuti Shire ndi Ruo asefukira liti.

Tsono inu bambo, taimani kaye. Malo a udokotala ndi ochepa kwambiri, amalimbirana ana a mapointi otsikitsitsa dziko lonse. Kukakamiza mwana amene Fizikisi ikumuvuta kuti adzalembe udokotala wokhawokha pa fomu ya NCHE yofunsira malo ku yunivesite n'kumutayitsa chaka pachabe. M'malo momukalipira, mupezereni nyali ndi nthawi yowerenga madzulo.

Mwanawe, chidwi uli nacho, chimenecho sindikutsutsa, ndipo MSCE ikadali kutsogolo. Mawa lomwe pita kwa aphunzitsi a Masamu, uwasonyeze pamene unasokonekera, ngakhale patakhala pa za Fomu 1. Teremu ikatha undilemberenso, ndipo undiuze wapeza mamalikisi angati.