Kodi "malo owomberako apolisi" ndi malo otani?

Mayi wina amene amagwira ntchito yomasulira zikalata watilembera motere: "Ndapatsidwa chidziwitso choti ndichiike m'Chichewa. Chikunena za malo amene apolisi a chigawo chonse amaphunzirirako kugwiritsa ntchito mfuti. Malowo atha, ndipo akufuna kumanga ena. Ine ndalemba kuti 'malo owomberako apolisi asinthidwa', koma mnzanga wa muofesi wangoseka. Ndalakwa pati?"

Mayi, mnzanuyo ali ndi chifukwa chosekera. Timati munthu wawomba mfuti, ndipo apa mfutiyo ndi chida. Tikati wawombera wakuba, wakubayo ndiye walandira chipolopolo. Tsono m'chiganizo chanucho, mawu amene atsatana ndi mneni ndi "apolisi". Wowerenga angamve kuti apolisi ndiwo amawombera, inde, koma angamvenso kuti kumeneko n'kumene amakawomberako apolisiwo. Chikwangwani chotere sindingalole kuti chikhomedwe pachipata.

Onani kuti "malo ophunzirirako apolisi" alibe vuto limeneli, chifukwa palibe amene angaganize kuti apolisi ndiwo phunzirolo. Mneni "kuwombera" ndiye wovuta, popeza amafuna chowomberedwa, ndipo amangogwira dzina lililonse limene lamuyandikira. Mankhwala ake ndi kuika apolisi patsogolo, mfuti pambuyo: "malo a apolisi ophunzirirako kuwomba mfuti". Ngati mukufuna mawu a anthu a ntchitoyi, nenani kuti "malo a apolisi owomberako chandamale". Chandamale ndi chija amachiimika patali kuti wophunzira aloze, kumbuyo kwake kuli chimulu cha dothi chogwira zipolopolo. Ndi liwu labwino, ndipo ndimadandaula kuti olemba ambiri amalidumpha n'kuyamba kufotokoza mozungulira.

Kamphatikiram'tsinde kosonyeza malo, kaja ka -ir- kapena -er- kolowa m'kati mwa mneni, musakataye. "Malo ophunzira" ndi malo amene apita kusukulu. Ofunika apa ndi "malo ophunzirira". Kamakhala -ir- ngati tsinde lili ndi a, i kapena u, ndipo kamakhala -er- ngati lili ndi e kapena o. N'chifukwa chake timati kuphunzirira koma kuwombera. Kumapetoko sankhani malinga ndi mamangidwe a malowo. Ngati ndi pabwalo pamtetete, "owomberapo" akuyenera. Ngati ndi nyumba yotsekedwa, ya makoma ochindikala ndi makina otulutsa utsi wa onga, nenani "owomberamo". Ngati simukudziwa mmene amangidwira, "-ko" sakupusitsani.

Tsopano "asinthidwa". Kusintha kuli ndi mimba yaikulu: kupaka penti ndi kusintha, kuchotsa dzina ndi kusintha, kusamuka ndi kusinthanso. Anthu oyandikana ndi malowo, amene akhala akumva kulira kwa mfuti zaka zonsezi, akufuna kudziwa chimene chichitike. Malo otere satsekedwa mwachisawawa. Nthawi zambiri nyumba za anthu zimakhala zayandikira, phokoso lachuluka, kapena dothi la chimulu chija ladzaza mtovu wa zipolopolo, umene ndi poizoni ukalowa m'madzi. Ngati akungokweza chimulu ndi kukonza mpanda, lembani "akonzedwanso". Ngati ntchitoyo ikupita kwina, "asamutsidwa". Ngati akale atsekedwa ndipo amanga ena, lembani zonse ziwiri: "malo akale atsekedwa, amanga atsopano". Mungathenso kunena kuti atsopanowo "alowa m'malo mwa akale", monga timanenera kuti Centre for Language Studies, imene idakhazikitsidwa mu 1996 pansi pa Yunivesite ya Malawi, idalowa m'malo mwa Chichewa Board ya mu 1972, bungwe limene linkayang'anira za chiyankhulo cha Chichewa. Chenjerani pokha kuti musalembe "malo olowa m'malo mwa malo akale". Sizolakwika pa malamulo, koma lilime limapunthwa. Ndipo ndi "m'malo mwa", osati "m'malo a": "mwa" akugwirizana ndi m' uja woyambirira, amene ndi "mu" wofupikitsidwa.

Bambo wina wafunsa mwachidule: "dera" kapena "chigawo"? Bambo, ngati malowo akutumikira mapolisi ambiri a mbali yonse ya dziko, ndi chigawo. Dera lilibe malire odziwika, lingakhale midzi itatu yokha. Ndipo ngati mwasankha "bwalo" m'malo mwa "malo", gwirani mgwirizano wake mpaka kumapeto: bwalo latsopano lamangidwa, malo atsopano amangidwa. Ndimaona kawirikawiri chiganizo chikuyamba ndi bwalo n'kutha ndi "atsegulidwa".

Funso lotsiriza lachokera kwa mphunzitsi wopuma pantchito: "Malo atsopanowo akufuna kuwapatsa dzina la wapolisi amene adafa ali pantchito. Kodi tinene kuti atchulidwa dzina lake, kapena atchedwa?"

Aphunzitsi, pakhutu langa aneni awiriwa sagwira ntchito imodzi, ngakhale pakamwa pa anthu ambiri adasakanikirana. Kutcha ndi kupereka dzina kwa chinthu chimene chinalibe, monga amachitira mwana akabadwa. Kutchula ndi kunena dzina limene lilipo kale. Patsiku lotsegulira, mlendo wolemekezeka adzatcha malowo dzina. Kuyambira mawa lake, tonsefe tizidzangolitchula. Choncho "malowo atchedwa dzina la malemu Uje, powakumbukira". Ndi "atchedwa" chifukwa aneni a tsinde lalifupi chotere amatenga -edw-, monga kudyedwa ndi kuphedwa. Amene anena "atchulidwa" ndimawamva, sindiwadzudzula pamsewu, koma m'chikalata cha boma ndingawakonzere.

Apanso mfuti ija ikhoza kukulumani. Mukalemba "Malo Owomberako Uje", mwawombera malemu amene mumafuna kuwalemekeza, pamaso pa abale awo. Dzina la munthu likhale lokha pamzere wapamwamba, ntchito ya malowo pamzere wachiwiri: "Bwalo la Uje", kenako pansi pake "Malo a apolisi a m'chigawo ophunzirirako kuwomba mfuti". Pakamwa anthu adzafupikitsa okha kuti "kwa Uje", ndipo palibe cholakwa.

Mwafunsanso ngati dzina la malo akale lingapite ku atsopano. Chichewa chimalola: mungati "dzina lasamuka nawo", kapena "asunga dzina lakale". Koma ngati akalewo adakalipo, akuyembekeza kuti achotsemo dothi la mtovu lija, onjezani "akale" ndi "atsopano" m'makalata onse mpaka ntchitoyo ithe, kuti galimoto yonyamula ophunzira isakaime pachipata chotsekedwa.