Geni ya malenzi akale: funsani kaye kamera ya wogula

Achimwene, mwafunsa kumene timawapeza malenzi a makamera a filimu, ngati amagwiradi ntchito pa makamera a masiku ano, komanso ngati munthu amene amapita kale ku Joni kukaoda mafoni ndi nsapato angawonjezere zimenezi pa katundu wake. Ndiyamba ndi funso lachiwirilo, chifukwa ambiri amene mpamba wawo unathera m'geni imeneyi anagwera pamenepo.

Kugwira amagwira, koma si lenzi iliyonse imene ingakwere pa kamera iliyonse. Kampani iliyonse inkapanga pakamwa pakepake polumikizira lenzi, ndipo inkasiya mpata wakewake kuchokera pakamwapo kukafika pa filimu. Wa Nikon F, umene unayamba mu 1959, ndi mamilimita 46.5. Wa Olympus OM ndi 46. Malenzi amazinga otchedwa M42, a makamera a Zenit, Praktica ndi Pentax Spotmatic, mpata wawo ndi pafupifupi 45.5, chimodzimodzi Pentax K. Minolta MD ndi 43.5, Canon FD ndi 42. Lenzi imafuna ikhale ndendende pa mpata umene anaipangira. Ikatalikira ngakhale pang'ono, nkhope ya munthu amene ali pafupi ituluka bwino, koma phiri kapena tchalitchi chakutali sichidzagwira fokasi ngakhale mupotokole mpaka kumapeto.

Makamera a mirrorless alibe kalilole m'kati, ndiye ndi opyapyala. Sony E mpata wake ndi mamilimita 18 okha, Fujifilm X 17.7, Canon RF 20, Nikon Z 16. Malo otsalawo ndi amene adaputa imadzaza, ngati nkhata pakati pa mutu ndi ndowa. Ndi kachitsulo kamphako basi, mulibe galasi, mulibe magetsi. N'chifukwa chake munthu wa Sony A6000 kapena A7 mungamugulitse pafupifupi lenzi iliyonse imene ndatchulayi, bola adaputa yake ikhale yoyenera. Kuyambira pamene Sony inatulutsa A7 mu 2013, malenzi amene ankangokhala m'makabati anapeza msika, mitengo yake nayo n'kuyamba kukwera.

Vuto n'lakuti ojambula ambiri amene ndimakumana nawo m'maukwati ndi m'zinkhoswe kuno akadali pa DSLR, makamera okhala ndi kalilole m'kati, monga ma Canon 600D, 700D, ma Nikon D3200 ndi anzake. Canon ya pakamwa pa EF mpata wake ndi 44, ndiye imalandira M42, Nikon F, Olympus OM ndi Pentax K ndi kamphete kopyapyala. Koma lenzi ya Canon FD, ya kampani yomweyo, siikwera bwino, chifukwa mu 1987 Canon inasiya FD n'kuyamba EF ya mpata wotalikirapo. Kasitomala amaona dzina la Canon pa lenzi, kuonanso Canon pa kamera yake, n'kumati mukumunamiza. Alipo maadaputa okhala ndi kagalasi m'kati okonzera vutoli, koma otchipawo amafewetsa chithunzi, ndipo ine sindiwasunga. Minolta MD nayo pa Canon DSLR ndi nkhani yomweyo. Nikon DSLR ndiye yovuta kuposa onse popeza mpata wake ndi wautali: mugulitseni lenzi ya Nikon yomweyo, zinazo musiyeni nazo. Ndipo malenzi a Nikon opangidwa chisanafike chaka cha 1977, amene alibe kamlomo kotchedwa AI, angathyole kachitsulo ka pakamwa pa D7000 kapena D750 mukawakakamiza.

Choncho ine sindigula lenzi ndisanadziwe kamera imene ikakwerepo. Ndisananyamuke ndimafunsa makasitomala anditumizire pa WhatsApp chithunzi cha kamera yawo kutsogolo, dzina ndi nambala zikuoneka. Mawu akuti "ndili ndi Canon" sakwanira.

Ogula enieni ndi anyamata a mavidiyo a nyimbo, ojambula m'situdiyo, ndi a media m'matchalitchi amene kamera yawo imakhala pa miyendo yake osasuntha. Iwowa anazolowera kale kupotokola fokasi ndi dzanja. Amene amajambula perekaniperekani, anthu akuvina uku ndalama zikuuluka, ndimamuuza poyera kuti lenzi imeneyi imuphonyetsa zithunzi zambiri, aigwiritse ntchito akwati akaima pa maluwa. Mumuuzenso kuti pa kamera ya sensa yaing'ono (sensa ndi kachipangizo kolandira chithunzi m'malo mwa filimu) lenzi imaona mopanikiza: ya 50mm imakhala ngati ya 75mm pa Sony A6000 kapena Fujifilm, ngati ya 80mm pa Canon 700D, ndipo ngati ya 100mm pa Panasonic ndi Olympus za Micro Four Thirds. Pa nkhope ndi zabwino zedi. Pa gulu la akuchikazi ndi akuchimuna onse pamodzi m'holo yopanikiza, afunika ya 28mm.

Imene imayenda msanga ndi Helios 44-2, ya 58mm f/2, yopangidwa ku Soviet Union n'kumagulitsidwa pamodzi ndi makamera a Zenit. Anaipanga yambirimbiri motengera Biotar ya Carl Zeiss. Anyamata amaifuna chifukwa masamba a mitengo kumbuyo kwa munthu amatuluka ozungulira, ndiye amaionera pa YouTube n'kubwera akuitchula dzina. Chenjezo lake ndi limodzi: pa Canon 5D, ma Helios ena amagunda kalilole mukaika fokasi kutali. Pambuyo pake pamabwera ma 50mm a Pentax, Minolta Rokkor, Olympus Zuiko ndi Nikkor, kenako ma 135mm f/2.8. Ma zoom akale a mayina osadziwika, amene amadzaza mabokosi m'mashopu a pinyolo, asiyeni ngakhale akupatseni pamtengo wa fanta. Ndi olemera, ndi amdima, ndipo mudzawasunga mpaka adzachite nkhungu.

Ku Johannesburg ndimayenda m'mashopu a katundu wogwiritsidwa kale ntchito monga Cash Crusaders ndi Cash Converters, m'mashopu a mabungwe achifundo a m'madera a anthu opeza bwino, ndi pa msika wa Lamlungu wa ku Rosebank. Koma zabwino zambiri zimatuluka pa Facebook Marketplace, Gumtree ndi Bob Shop, pamene ana akugulitsa katundu wa agogo awo amene anamwalira. Musamasake lenzi payokha, sakani kamera yonse: Pentax K1000, Canon AE-1, Minolta, Zenit. Wogulitsa lenzi yokha amakhala kuti wafufuza kale mtengo pa intaneti. Wogulitsa chikwama chonse nthawi zambiri amangofuna chichoke m'nyumba, ndipo m'katimo mumapeza malenzi awiri kapena atatu, zivundikiro ndi mafyuluta. Kamera ya filimuyo mungaigulitsenso komweko, kuli achinyamata amene anabwerera ku filimu. Kukumana ndi wogulitsa kuzichitikira pa mall masana, osati kunyumba kwake, ndipo musatumize ndalama katundu musanamugwire.

Poyesa musachite manyazi, ngakhale mwini wake akuyang'ana wotchi. Chotsani zivundikiro zonse, tsegulani kabowo ka kuwala mpaka kumapeto, muunike ndi tochi ya foni kumbuyo inu mukuyang'ana kutsogolo chammbali. Tifumbi tochepa si kanthu, lenzi ya zaka 50 siingakhale yopanda fumbi. Chimene mukusaka ndi timizere toyera toyanga kuchokera m'mphepete kulowera pakati. Imeneyo ndi nkhungu, ndipo ikakhalitsa imadya utoto wa pagalasi moti ngakhale aipukute chipsera chimatsala. Mukaona chifunga galasi lonse, chithunzi chake chidzakhala chotuwa. Kenako tembenuzani mphete ya kabowo muone timasamba tachitsulo m'katimo: tizikhala touma, tizitseka ndi kutseguka msangamsanga. Tikamanyezimira ndiye kuti talowa mafuta, posachedwa tiyamba kumatirira. Mphete ya fokasi iziyenda mosalala kuchokera koyamba mpaka kumapeto, osalimba pena n'kumasuka pena. Yang'ananinso tizitsulo tomangira kumbuyo: mitu yake ikakhala yokumbika, wina anatsegulapo kale, ndipo simudziwa ngati anabwezera magalasi onse moyenera.

Imodzi yokha imene maonekedwe ake asakuopseni ndi Super Takumar 50mm f/1.4 ya Pentax. Ambiri mwa malenzi amenewa galasi lawo limasanduka lachikasu chifukwa anasakanizamo thorium. Chikasucho chimachepa mukaiika padzuwa kwa masiku angapo, ndiye wogulitsa akamatsitsa mtengo poganiza kuti inawonongeka, inu musatsutse.

Ngati mungathe, yendani ndi kamera ya mirrorless, ngakhale yakale ya Sony NEX, ndi maadaputa anayi kapena asanu, muzijambula pomwepo chinthu chakutali. Maadaputa ogulitsa ndimaitanitsa ku China, a K&F Concept kapena Fotga, chifukwa ku Joni amakwera mtengo. Lenzi yopanda adaputa kuno siigulika, munthu safuna kudikira mwezi kuti ayese chimene walipira.

Za pamsewu mukuzidziwa kale: Park Station, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Zobue ndi Mwanza, kapena Dedza ngati mukulowera ku Lilongwe. Chosiyana n'chakuti katunduyu sapita mu trela ndiponso sapatsidwa kwa transipota. Lenzi iliyonse ilowe mu sokosi yakeyake, zonse m'chikwama cha pamiyendo. Kutentha kwa ku Tete kumasungunula girisi wa m'kati n'kumutsitsira pa timasamba tija, ndipo mabampu amamasula tizitsulo.

Pa boda lengezani kwa a MRA monga katundu wina aliyense. Musayembekezere kuchotseredwa msonkho chifukwa cha SADC: mwayi umenewo ndi wa katundu wopangidwa m'chigawo chino, pamene malenziwa anapangidwa ku Japan, Germany kapena Soviet Union. Ndondomeko ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono nayo siikukhudzani, South Africa siili mu COMESA. Chimene chimathandiza ndi umboni wa mtengo. Ofisala akaona galasi lolembedwa Nikon, maganizo ake amapita pa mtengo wa yatsopano. Sungani malisiti a m'shopu, ndipo mukagula kwa munthu, alembe pa pepala mtengo ndi nambala ya pa lenzi, asaine, inu musungenso zokambirana zanu za pa foni.

Poika mtengo musawerengere zimene munagulira, werengerani zimene mudzafunike kuti mukagule ina ngati yomweyo. Amene anali ndi katundu wa ngongole pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 amaidziwa bwino nkhaniyi. Dziwaninso kuti mukupikisana ndi Yongnuo 50mm yatsopano, imene imadzipezera yokha fokasi ndipo si yodula. Lenzi yanu yakale ikafanana nayo mtengo, wogula wa Canon atenga yatsopanoyo. Geni imeneyi ndi yowonjezera pa nsapato zanuzo, si yoti n'kuikamo mpamba wonse, chifukwa katundu wake amayenda mmodzimmodzi.

Kunyumba musawasunge m'zikwama zawo zachikopa, makamaka nyengo ya dzinja. Aikeni m'kontena yapulasitiki yoonekera m'kati, yotseka bwino, ndi timapaketi ta silika tija timabwera m'mabokosi a nsapato, pamalo pofika kuwala. Kasitomala wa ku Mulanje kapena Nkhata Bay mumuuze zomwezo kawiri.

Ndipo wogula asachoke musanamusinthire kamera yake. Popeza lenzi yakale ilibe magetsi, makamera ambiri a mirrorless amaganiza kuti palibe lenzi n'kukana kujambula. Pa Sony pezani pamene palembedwa "Release w/o Lens", pa Fujifilm "Shoot Without Lens", muyatse. Muyatsenso focus peaking, timizere tofiira kapena tachikasu tosonyeza pamene fokasi yagwira, kamera muiike pa modi ya A kapena M, ajambule nkhope yanu kangapo inu muli pomwepo. Mukapanda kutero, foni ilira usiku womwewo kuti mwamugulitsa lenzi yakufa.