Mwana wanu wokonda mawailesi musamuletse, koma agwire masamu

Mayi wina wa ku Monkey Bay wafunsa za mwana wake wa Fomu 3 yemwe amangokhalira kumasula mawailesi akale, akuti akufuna kudzapanga makina oyezera magetsi a mumlengalenga. Nkhawa yawo ndi yakuti kodi zimenezi adzadyera?

Mayi, zimene akunena mwanayo si maloto ayi. Ngakhale kunja kutayera mbee, mumpweya pafupi ndi nthaka mumakhala mphamvu ya magetsi yokwana pafupifupi mavolti (volts) 100 pa mita iliyonse kukwera m'mwamba. Imeneyi wailesi siimva, imayezedwa ndi chida chotchedwa field mill. Wailesi imamva mphezi. Mpheziyo ikang'anima imatulutsa mafunde a wailesi omwe amakhala amphamvu pakati pa 3 ndi 30 kHz (Hz, kHz ndi MHz ndi miyeso ya mafundewo), ndipo amayenda makilomita masauzande. Kuthetheka kuja mumamva pa AM mvula ikamachokera kunyanja ndi mphezi imeneyo.

Mawailesi amakono otchedwa SDR amasandutsa mafundewo kukhala manambala kuti kompyuta iwawerenge. Koma musathamangire kumugulira tima SDR totchipa ta pa USB, chifukwa tambiri timayambira cha pa 24 MHz, pamwamba kwambiri poyerekeza ndi mafunde a mphezi aja. Poyambira, waya wokulunga kambirimbiri, ka amplifaya ndi polowetsera maikolofoni pa laputopu n'zokwanira. Aziyesera kutali ndi mawaya a magetsi, apo ayi kulira kwa 50 Hz kochokera m'mawayawo kuphimba zonse. Ndipo ichi ndikutsindika, mayi: bingu likangomveka, asiye waya ndi mlongoti, alowe m'nyumba.

Kusukulu alimbikire masamu ndi fizikisi, pakuti makinawa amayendera masamu. Yunivesite ya boma imafuna makirediti 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo amafunsira kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede. Ku MUST ku Thyolo kuli digiri ya zanyengo, ku MUBAS ku Blantyre kuli uinjiniya wa zamagetsi ndi zamatelefoni, pomwe fizikisi ili ku UNIMA ku Zomba.

Ntchito yongoyeza mphezi basi ndi yosowa kuno kwathu, ndisakunamizeni. N'chifukwa chake ine ndingamulozere ku uinjiniya, popeza luso lomwelo limafunika ku nthambi yoona zanyengo, ku MACRA (bungwe loyang'anira za mawailesi ndi mafoni), ku makampani a mafoni ndi kunyumba zoulutsira mawu. Dzinja likubwerali mugulireni kope, azilemba nthawi imene wailesi yayamba kuthetheka ndi nthawi imene mvula yafika, kenako akawaonetse aphunzitsi ake a fizikisi.